Transistor yanga yoyezera kutentha ikupitirira ndi madigiri atatu: vuto ndi transistor kapena reference?

Mlimi wa ku Mitundu
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru. Ndikupanga makina oswera mazira a nkhuku, ndipo mkatimo ndikufuna kutentha kuzikhala pa 37.5°C osasunthasuntha. Poyezera ndagwiritsa ntchito transistor wamba ya 2N3904, base ndi collector ndazimanga pamodzi, ndipo ili kumapeto kwa waya wa mamita atatu. Ndikuipatsa karenti ziwiri mosinthanitsa, 10 µA ndi 100 µA, ndikuyeza VBE (voteji ya pakati pa base ndi emitter) pa iliyonse ndi ADC (chip yosandutsa voteji kukhala nambala) ya ma bit 16, kenako ndikuwerengera kutentha T = ΔVBE × q / (k × ln 10), pamene ΔVBE ndi kusiyana kwa ma VBE awiriwo, k ndi nambala ya Boltzmann ndipo q ndi chaji ya electron. Ndinamva kuti njira imeneyi siidalira transistor yomwe wagwiritsa ntchito. Koma themomita ya kuchipatala ikamati 37.5, yanga ikuti 40.3. Ndikaika transistor ina ya m'paketi yomweyo, imasiyana pang'ono, koma zonse zikupitirira. Mazira sangapirire kusiyana kotere. Ndiyambire pati?

Wa ku Chipata
Achimwene, bwanji osangogula sensor ya kutentha ya DS18B20? Imabwera yokonzedwa kale, ±0.5°C kuyambira −10 mpaka 85°C, waya umodzi basi. Mukudzivutitsa.

Mlimi wa ku Mitundu
Zoona, ndipo ndidzaiika ngati yachiwiri. Koma theka la digiri pa mazira ndi lalikulu ndithu, komanso ndikufuna kumvetsa chomwe chikuchitika. Ndikapanga makina khumi a anzanga a m'kalabu, ndikufuna chinthu choti chikawonongeka munthu achipeze pa benchi ya wokonza mawailesi aliyense.

Nachisale
Funso labwino ili, ndipo musalisiye. Choyamba dziwani kukula kwa chinthu chomwe mukuyeza. k/q ndi 86.17 µV pa kelvin. Mukachulukitsa ndi ln 10, yomwe ndi 2.303, mupeza pafupifupi 198 µV pa digiri iliyonse. Pa 37.5°C, yomwe ndi 310.65 K, ΔVBE yonse ndi 61.6 mV chabe. Ndiye gawo limodzi mwa asanu la millivolt likasochera, digiri yathunthu yapita.

Chachiwiri, chomwe ambiri chimawadutsa: njirayi imayeza ma kelvin, osati ma Celsius. Cholakwika cha 1 peresenti si 0.375 ya digiri ayi, ndi 1 peresenti ya 310, kutanthauza 3.1°C. Kusiyana kwanu kwa 2.8°C ndi 0.9 peresenti yokha. Pa zamagetsi 0.9 peresenti timati mwachita bwino, koma kwa mwanapiye ndi imfa. Tsono tifufuze komwe 0.9 peresentiyo ikuchokera, ndipo ndikukhulupirira kuti sikuchokera malo amodzi.

Gogo Mawaya
A Nachisale ayamba bwino. Ine ndiyambe ndi waya, poti ndi umene umaoneka ndi maso. Karenti ikasintha kuchoka pa 10 kufika pa 100 µA, kusiyana kwake ndi 90 µA. Pa ohm imodzi iliyonse ya waya, zimenezi zimapereka 90 µV yoonjezera pa ΔVBE yanu. Gawani ndi 198, mupeza 0.45°C pa ohm iliyonse, ndipo nthawi zonse imakankhira m'mwamba. Mamita atatu popita ndi atatu pobwera ndi asanu ndi limodzi. Ngati ndi kawaya kopyapyala kaja ka m'ma charger akale, ohm imodzi ndi theka si yodabwitsa. Mwanawe, lumikizani miyendo ya transistor kumapetoko ndi kachingwe, muyeze waya yense ndi multimeter, mutiuze.

Mlimi wa ku Mitundu
Ndayeza, madala. Nditachotsa za ma probe, ndapeza 1.4 Ω.

Gogo Mawaya
Ndiye 0.6°C yapezeka. Mankhwala ake ndi mawaya anayi: awiri onyamula karenti, awiri oyezera okha, ndipo oyezerawo muwasoldere pa miyendo penipeni pa transistor. M'mawaya oyezera simudutsa karenti, ndiye kutalika kwawo kulibe kanthu.

Nachisale
Mawaya anayi achotsa za panja, koma mkati mwa transistor mulinso resistance: ya emitter, ndi ya base yogawidwa ndi beta (karenti ya collector poigawa ndi ya base). Imeneyo simungaifikire ndi waya. Pa karenti zazing'ono ngati zanuzi ndi yochepa, koma ngati mukufuna kuichotsa yonse pali njira ya masamu. Yezani ΔVBE kawiri. Koyamba pa 10 ndi 100 µA, kachiwiri pa 20 ndi 200 µA. Mbali ya kutentha ndi yofanana m'miyeso yonse iwiri chifukwa ratio ndi 10 ponseponse, koma mbali ya resistance yachiwiriyo ndi yowirikiza kawiri. Chulukitsani muyeso woyamba ndi 2, chotsanipo wachiwiri, chotsala ndi kutentha kokha. Ma chip oyezera kutentha kwa purosesa amene amati ali ndi series resistance cancellation amachita zofanana ndi zimenezi, ena ndi karenti zitatu. Mtengo wake ndi phokoso: mukamachotsa miyeso motere phokoso limakula, ndiye muyenera kutenga avareji ya miyeso yambiri. Makina oswera mazira sathamanga, nthawi muli nayo.

Koma chachikulu ndikuganiza ndi n, ideality factor. Fomula yeniyeni ndi ΔVBE = n × (kT/q) × ln N, pamene N ndi ratio ya karenti ziwirizo. Inu mwatenga n kukhala 1.000 ndendende. Transistor yeniyeni imakhala pamwamba pang'ono, kawirikawiri pakati pa 1.00 ndi 1.01. Ma chip monga TMP411 ndi MAX6657 anapangidwa poganiza kuti n ndi 1.008. Ngati yanu ili 1.004, mwaonjezera 0.4 peresenti, yomwe ndi 1.2°C. Ndipo n imasiyana malinga ndi fakitale imene inapanga transistor, ngakhale dzina losindikizidwa pamwamba likhale limodzi. Kusiyana komwe mukuona mukasintha transistor kukuchokera apa.

Wophunzira wa ku Zomba
Pepani akuluakulu, ndifunseko. N'chifukwa chiyani tikuvutikira transistor pomwe 1N4148 ndi diode kale? Ndipo n imeneyi imabwera bwanji, poti m'kalasi anangotipatsa ngati nambala?

Nachisale
Mchimwene wanga, mu diode wamba karenti ili mitundu iwiri yosakanikirana. Ina ndi ya ma carrier (tinthu tonyamula karenti) amene amawoloka junction (malire a mbali ziwiri za diode) bwinobwino, ndipo imatsata exp(qV/kT). Ina ndi ya ma carrier amene amakumana n'kuthera m'kati mwa depletion region, kachigawo ka pa malire penipeni, ndipo imatsata exp(qV/2kT). Zikasakanikirana, n imagwera pakati pa 1 ndi 2, ndipo imasuntha karenti ikasintha. Ya 1N4148 imayandikira 2. Mu transistor, karenti ya collector ndi ya oyamba aja okha, pamene yachiwiri ija imatulukira ku base. Poti beta ndi yaikulu, karenti yoyera ija ndiyo imalamulira ngakhale mutamanga base ndi collector pamodzi. N'chifukwa chake transistor yomangidwa ngati diode imaposa diode yeniyeni pa ntchito imeneyi.

Kachidutswa kotsalako ka 0.004 kapena 0.008 kamachokera makamaka ku zinthu ziwiri. China ndi Early effect ya mbali ya emitter: VBE ikasintha, kukula kwa base kumasinthanso pang'ono, ndiye IS (saturation current, nambala yochulukitsira exp ija mu fomula ya karenti) siikhala yofanana pa karenti ziwirizo. China ndi beta.

Achimwene a ku Joni
Ya beta ndiloleni ndiiyankhe, ndi imene ndimalimbana nayo pa ntchito. Lamulo la exponential ndi la karenti ya collector, koma inu mukukankha karenti ya emitter, yomwe ndi collector kuphatikiza base. IC = IE × β/(β+1). Beta ikanakhala yosasintha, sizikanavuta, chifukwa ikanadzichotsa yokha mu ratio. Koma imatsika karenti ikachepa. Tiyerekeze kuti ndi 100 pa 10 µA ndipo ndi 130 pa 100 µA. Ratio ya collector ikhala 10 × (130/131) / (100/101), pafupifupi 10.023. Zikupereka 0.3°C. Pa 2N3904 ndi zopiririka.

Tsono lowani mkati mwa chip ya CMOS. Mmenemo mulibe transistor yabwino ya bipolar, muli PNP ya substrate imene collector yake inamangidwa kale ku ground, ndipo m'ma process ang'onoang'ono beta yake imatha kutsika mpaka manambala ngati 2. Tiyerekeze 2.0 pa karenti yaing'ono ndi 2.2 pa yaikulu. Ratio yasokonekera ndi 3.1 peresenti, ndipo kutentha kwalakwika ndi madigiri anayi. N'chifukwa chake ma chip oyezera purosesa anayamba kukhala ndi beta compensation: amayeza karenti ya base payokha, n'kusintha ya emitter mpaka ratio ya collector ikhale yeniyeni.

Gogo Mawaya
Musanapite kutali ndi za mkati mwa silicon, mwanayu atiuze karenti akuzipanga bwanji. Ndaonapo anthu akungomanga resistor ziwiri kuchokera pa 3.3 V, ina 27k ina 270k, n'kumati ratio ndi 10. Si 10 ayi. VBE imakwera ndi 60 mV pa karenti yaikulu, ndiye voteji yotsala pa resistor imachepa ndi 2 peresenti, ratio imagwa kufika cha pa 9.78, ndipo kutentha kumaoneka kotsika ndi madigiri atatu.

Mlimi wa ku Mitundu
Ndagwiritsa ntchito op-amp, madala, ikusunga voteji imodzi pa resistor yomwe ndasankha ndi switch. Resistor ndi za 1 peresenti, 10k ndi 100k.

Gogo Mawaya
Bwino. Koma ziwiri za 1 peresenti zikapotokera mbali zosiyana, ratio imafika 10.2. ln 10.2 ndi yaikulu kuposa ln 10 ndi 0.86 peresenti, ndiye 2.7°C. Musaziyeze ndi multimeter payokhapayokha, chifukwa 10k ndi 100k zimagwera pa range zosiyana ndipo range iliyonse ili ndi cholakwika chake. Zimangeni motsatana, mudutsitse karenti imodzi, muyeze voteji pa iliyonse ndi ADC yanu yomweyo pa range imodzi. Ratio ya voteji ndiyo ratio ya resistor, ndipo reference, voteji imene ADC imafanizira nayo, siilowamo. Samalaninso switch: ngati ili mu njira imodzi ndi 10k, ma ohm ake makumi angapo akulowa mu ratio.

Mlimi wa ku Mitundu
Ndachita monga mwanenera. Ratio yatuluka 10.05. Switch ili m'njira ya karenti koma op-amp ikuyeza pamutu pa resistor penipeni.

Nachisale
Ndiye switch siikuvutani. 10.05 ikupereka 0.22 peresenti, pafupifupi 0.7°C. Ikani ln 10.05 mu pulogalamu m'malo mwa ln 10, nkhani ya resistor yatha popanda kugula kanthu. Tawerengani tsopano: waya 0.6, ratio 0.7, n mwina 1.2. Tafika 2.5 mwa 2.8.

Kotsalako ndikukayikira reference ya ADC, ndipo apa ndi pomwe mutu wa funso lanu ukukumana. ADC siidziwa volt. Imangofanizira voteji yanu ndi reference yake, monga wogulitsa pamsika amafanizira nyemba ndi mwala wa kilogalamu: mwalawo ukakhala wopepuka, nyemba zonse zioneka zolemera. Reference ikatsika ndi 0.1 peresenti, kutentha kwanu kukwera ndi 0.3°C. Ndipo reference imeneyo mkati mwake ndi ma transistor omwewa, ndi matenda omwewa.

Wophunzira wa ku Zomba
Apa ndiye ndasokonezeka, achemwali. Transistor yomweyo ikhala bwanji choyezera kutentha komanso chinthu chosasintha ndi kutentha?

Nachisale
VBE ya transistor imodzi imatsika pafupifupi 2 mV pa digiri iliyonse kukamatentha. ΔVBE ya ma transistor awiri oyenda pa current density zosiyana imakwera. Ukakulitsa yokwerayo mokwanira n'kuiphatikiza ndi yotsikayo, zimafafanizana, ndipo chotsala ndi pafupifupi 1.2 V, nambala yoyandikana ndi bandgap ya silicon ukaitsata mzere wake kubwerera ku 0 K. Ndiko kunachokera dzina loti bandgap reference. David Hilbiber wa ku Fairchild anaonetsa ganizoli mu 1964, Bob Widlar ku National Semiconductor analisandutsa dera logwira ntchito mu chip ndipo LM113 inatuluka mu 1971, kenako Paul Brokaw ku Analog Devices anatulutsa dera lake mu 1974, lomwe lili mu AD580. Sensor ya digito ya mtundu umenewu imatenga ΔVBE n'kuigawa ndi reference yopangidwa kuchokera ku ma transistor omwewo.

Vuto lili pa kukulitsa kuja. Ndi ratio ya 8, ΔVBE ndi 54 mV pa 300 K, ndipo imakwera 0.18 mV pa digiri. Kuti ifafanize 2 mV, uyenera kuichulukitsa kakhumi kapena kuposa pang'ono. Chilichonse chokhala pambali pa ΔVBE chimachulukitsidwa nawo. Offset (kavoteji kolakwika ka pachibadwa) ya 1 mV ya op-amp imasanduka 10 mV kapena kuposa pa 1.2 V, pafupifupi 1 peresenti. Ma transistor awiriwo akasiyana kukula pang'ono, chimodzimodzi. Onjezani IS, imene imasiyana kuchoka pa wafer ina kupita pa ina. N'chifukwa chake datasheet ya microcontroller ya ATmega328P imati reference ya mkati ya 1.1 V ikhoza kukhala paliponse kuyambira 1.0 mpaka 1.2 V. Munthu atayeza ΔVBE ndi reference yotereyo osaikonza, akhoza kuphonya ndi madigiri oposa makumi awiri. Chip ya reference ya TL431 imagulitsidwa m'magulu a 2, 1 ndi 0.5 peresenti pa chifukwa chomwechi.

Achimwene a ku Joni
Chitsanzo chomwe ambiri muli nacho m'manja ndi Raspberry Pi Pico. Sensor ya mu RP2040, chip ya pa bolodiyo, ndi VBE imodzi yokha, ndipo fomula ya mu datasheet ndi T = 27 − (V − 0.706) / 0.001721. Reference ya ADC pa bolodiyo imachokera ku 3.3 V ya regulator. Ikasuntha ndi 1 peresenti, 0.706 V yasuntha ndi 7 mV, madigiri anayi. Ma microcontroller ambiri a STM32 anathana nazo polemba manambala a calibration (okonzera muyeso) a ku fakitale m'memory, a reference ndi a sensor yomwe.

Palinso kupindika, curvature. VBE siitsika mu mzere wowongoka, ili ndi kachigawo ka T ln T komwe ΔVBE yowongokayo singafafanize. Reference imatuluka ngati uta: pamwamba pakati, yotsika kumapeto onse awiri. Ukachoka madigiri 100 kuchokera pakati, yatsika ndi ma millivolt atatu kapena anayi. A Mlimi, ganiziraninso zimenezi.

Nachisale
Apa sindikugwirizana nanu, achimwene. Curvature ndi yoona, koma imakula ndi sikweya ya mtunda. Pa madigiri 100 ndi 4 mV, pa madigiri 15 ndi cha pa 0.1 mV, yomwe pa 1.2 V siikwana 0.01 peresenti. Bolodi ya a Mlimi ikhala m'chipinda, pakati pa kuzizira kwa June ndi kutentha kwa October. Curvature iwapatsa 0.02 kapena 0.03°C chabe. Imavutitsa opanga zamagalimoto ndi za ndege, amene amafuna −40 kapena −55 mpaka 125°C. Chomwe a Mlimi ayenera kuona mu datasheet ya ADC yawo ndi drift ya reference, kusuntha kwake kutentha kukasintha. 30 ppm pa digiri, chipinda chikasintha ndi madigiri 20, ndi 0.06 peresenti, pafupifupi 0.2°C. Imeneyo ndiyo ingawakhudze.

Achimwene a ku Joni
Pa makina a mazira mwanena zoona, achemwali. Ine ndazolowera zinthu zokhala pafupi ndi injini. Komabe wophunzirayu adziwe kuti anthu anazigonjetsa zonsezi pamodzi. Mu 2005 Michiel Pertijs, Kofi Makinwa ndi Johan Huijsing a ku Delft anafalitsa sensor ya CMOS yolondola ±0.1°C kuyambira −55 mpaka 125°C. Offset anaichotsa ndi chopping, kutembenuzatembenuza mbali za amplifier kuti offset idzifafanize. Ratio ya karenti anaikonza ndi dynamic element matching, kusinthanitsa ma current source kuti zolakwika zawo zifafanizane. Beta ndi curvature anazikonzera m'dera ndi m'masamu. Chotsala, kusiyana kwa IS, anachichotsa ndi trim imodzi, kukonza kamodzi pa kutentha kumodzi, chip ili kale mu package. Zoti ili kale mu package n'zofunika, chifukwa pulasitiki ikamauma imapanikiza silicon ndipo VBE imasuntha. Ngakhale kusoldera kokha kumasuntha reference yabwino.

Wa ku Chipata
Mwanena zonsezi, mapeto ake ndi calibration basi. Aike m'madzi oundana, aike m'madzi owira, ajambule mzere. Zatha.

Gogo Mawaya
Madzi owira samalani nawo. 100°C ndi ya pa gombe la nyanja ya mchere. Lilongwe ili pamwamba mamita oposa 1,000, ndipo madzi amawira cha pa 96.5°C. Ku Dedza amawira pa madigiri ochepa kuposa apo. Mukauza pulogalamu kuti ndi 100, mwadzilowetsera cholakwika chachikulu kuposa chomwe mumachotsa. Madzi oundana ndi odalirika, bola akhale ophwanyidwa, odzaza kapu, madzi ochepa, n'kumatakasa.

Nachisale
Ndipo calibration siichiza zonse mofanana, n'chifukwa chake tavutikira kuzisiyanitsa. n, ratio ya karenti ndi gain ya reference zonse zimachulukitsa ma kelvin, ndiye nambala imodzi yochulukitsira imazichotsa pa kutentha kulikonse. Resistance ya waya imaonjezera, siichulukitsa, ndipo imasintha pulagi ikachita dzimbiri kapena wina akasintha waya. Drift ya reference imatsata kutentha kwa chipinda, osati kwa mazira. Zimenezi muzichotse m'dera musanayambe calibration, apo ayi mudzazikwirira lero n'kudzavumbuluka mwezi wamawa.

Kwa inu a Mlimi, konzerani pa 37.5 pomwepo. Themomita ya kuchipatala inapangidwira malo omwewa ndipo zabwino zimalondola ±0.1°C. Ikani zonse ziwiri m'fulasiki ya madzi ofunda, zogundana, transistor yotsekedwa bwino kuti isanyowe. Kumbukirani kuti themomita zimenezi zimasunga nambala yapamwamba, ndiye muziyambitsa mwatsopano pa muyeso uliwonse. Madzi oundana akhale otsimikizira chabe. Transistor iliyonse ikhale ndi nambala yake, yolembedwa pa waya wake.

Mlimi wa ku Mitundu
Ndabwerera ndi zotsatira. Mawaya anayi ndi ln 10.05 zatsitsa kusiyana kufika 1.5°C. Ndachulukitsa ndi 0.9952, ndipo m'fulasiki zikugwirizana. M'madzi oundana ikuti 0.1. Koma china chatulukira: ndikathira madzi m'thireyi ya chinyezi n'kutseka chitseko, pakapita maola angapo yanga imakwera pang'onopang'ono ndi theka la digiri pamene ya kuchipatala siikusuntha.

Gogo Mawaya
Karenti ikuthawira pakati pa miyendo. Pa 10 µA, VBE ndi cha pa 0.55 V. Flux yotsala posoldera ikayamwa chinyezi n'kupanga njira ya 10 MΩ, 55 nA yadutsa pambali. Pa karenti yaing'ono ndi 0.55 peresenti, pa yaikulu ndi 0.06 yokha, ndiye ratio yakwera ndi theka la peresenti ndipo kutentha kwakwera ndi 0.6°C kapena kuposa pang'ono. Tsukani miyendoyo ndi spiriti ndi kaburashi, muumitse bwino pamalo ofunda, mwendo uliwonse uvale heat shrink yakeyake, kenako muthire epoxy mpaka pomwe waya ukuyambira. Mukatero mubwereze calibration, poti epoxy ikauma nambala ikhoza kusuntha pang'ono.

Nachisale
Muthanso kukweza karenti zonse ziwiri kukhala 20 ndi 200 µA, kuthawako kudzachepa ndi theka. Kudzitenthetsa musakuope: 200 µA pa 0.63 V ndi 0.13 mW, ndipo package yake ya pulasitiki ya TO-92 imakwera cha pa 200°C pa watt, ndiye simufika 0.03°C. Ikaninso capacitor ya 2.2 nF pa mawaya oyezera pafupi ndi ADC, chifukwa junction imasandutsa phokoso la relay ndi inverter kukhala DC, koma dikirani voteji ikhazikike mukasintha karenti musanayeze. Masiku atatu omaliza mwa 21 oswera mazira mudzakweza chinyezi kufika 65 kapena 70 peresenti, ndiye yesani makina opanda mazira pa chinyezi chimenecho usiku wonse, themomita ya kuchipatala ili pambali pa transistor, muone ngati nambala ikukhala malo amodzi.